Ndege Yanga ya Chiwale ndi Zizindikiro Zache

Palibe munthu wodziwa kufunika kwa chizindikiro kuposa mwana wa sukulu yogonera konko. Tonsefe timabvala malaya ofanana, timadyera m'mbale zofanana, ndipo zidebe zathu zinagulidwa m'masitolo omwewo a pa boma. Kukadapanda timalemba tija anatisokerera amai pa kolala, kapena dzina lija tinakanda ndi msomali kunsi kwa mbale, bwenzi milandu ya m'nyumba zogona isakutha. Asodzi a kuno ku Nkhotakota naonso amadziwa zimenezi, pakuti amalemba dzina ndi nambala pa boti, ndipo munthu amazindikira ukonde wache pakati pa maukonde ambiri poona mamangidwe ache. Chinthu chopanda chizindikiro nchosabvuta kuchilanda, ndiponso nchosabvuta kuchiiwala.

Ndayamba ndi mau amenewa chifukwa anzanga ambiri akhala akundifunsa za kandege kaja kali pa alumali m'chipinda cha sayansi. Amati, "Aise, kusema ndege yonse kunakutengera masabata 3 okha, nanga bwanji timadontho ndi timalemba takudyera teremu yathunthu?" Ena amayesa ulesi, ena amayesa matama. Tsono popeza akonzi a magazini ino andipatsa malo, ndati ndiyankhe onse pamodzi, aphunzitsi athu akumva.

Poyamba ndifotokoze kuti ndegeyi ndi yotani. Dzina lache ndi Catalina. Inapangidwa ku America ndi kampani ya Consolidated, ndipo yoyamba inauluka mu 1935. Siinali ndege yaliwiro kapena yokongola ai. Thupi lache linali ngati bwato, pakuti inkatera ndi kunyamuka pamadzi. Phiko lache linali limodzi lalitali, la mafiti 104, ndiwo mamita pafupi-fupi 32, lokwezedwa pamwamba pa thupi kuti mafunde asafike ku injini zache ziwiri. Ku nsonga za phikolo kunali timabwato toichirikiza ikatera, ndipo ikanyamuka timabwatoto tinkapindika ndi kusanduka nsonga za phiko. Cha kumbuyo, mbali iyi ndi iyo, kunali magalasi otukuka ngati maso a chule, m'mene alonda ankakhala ndi kumayang'ana nyanja. Ulemerero wache unali kupirira. Inkatha kukhala m'mwamba maola oposa 15 osatera, ndiko kunena kuti kunyamuka belu lathu la m'mawa lisanalire ndi kubwerako ife titatuluka m'sitade ya usiku. Nchito yache pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, imene akulu amaitcha nkhondo ya Hitler, inali kusaka sitima zoyenda pansi pa madzi ndi kuperekeza zombo.

Wina asaganize kuti ndege zotera pamadzi nzachilendo pa nyanja yathu ino. Kuyambira mu 1949 kufikira mu 1950 ndege zazikulu za kampani ya BOAC, zotchedwa Solent, zinkatera ku Cape Maclear pa ulendo wochokera ku Southampton kunka ku South Africa. Solent inali mdzukulu wa Sunderland, ndege ina yomveka pa nchito yomweyi yosaka sitima za pansi pa madzi. Kotero madzi amene timachapira mayunifomu Loweruka anabereka kale mbumba imeneyi pamsana pao.

Nanga nkhondo ya pa nyanja zamchere itikhudza bwanji ife a dziko lopanda doko? Tsegulani mapu a Afrika muone. Masiku amenewo fodya ndi tiyi wa Nyasaland zinkatuluka pa njanji, kuoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, mpaka ku Beira, ndipo nsalu, mafuta ndi mankhwala zinkalowera khomo lomwelo. Beira anayang'anana ndi chilumba cha Madagascar, ndipo pakati pao pali mpata wa nyanja wotchedwa Mozambique Channel. Mu June ndi July 1942 sitima za pansi pa madzi za Ajapani zinalowa mu mpata umenewu ndi kumiza zombo pafupi-fupi 20. Kumapeto kwa chaka chomwecho za Majeremani zinafika cha ku Cape Town ndi ku Durban, ndipo pa 28 November 1942 ina mwa izo, U-177, inamiza chombo cha Nova Scotia kufupi ndi gombe la Natal, nafa anthu oposa 800. Chifukwa cha zimenezi Angerezi anakhazika magulu a Catalina mozungulira nyanjayo ngati alonda a m'munda: gulu 209 ku Kipevu pa Mombasa, gulu 259 ku Dar es Salaam, gulu 262 ku Durban ndi pa nyanja ya St Lucia, ndi gulu 265 ku Diego Suarez, kumpoto kwa Madagascar.

Koma katundu woposa fodya ndi tiyi anali anthu. Asilikari a King's African Rifles, amene kwathu kuno timati Keyala, anayenda pa nyanja imeneyi zikwi-zikwi. A ku Nyasaland anali nao pa nkhondo ya ku Madagascar mu 1942, ndipo kuyambira mu 1943 anaoloka kunka ku Ceylon, dziko limene lero litchedwa Sri Lanka, kuti akakonzekere nkhondo ya ku Burma. Ulendowo sunali wa masewera. Pa 12 February 1944 chombo cha Khedive Ismail, chochokera ku Mombasa kunka ku Colombo, chinalasidwa ndi sitima ya Ajapani kufupi ndi zilumba za Maldives, nichimira m'mphindi zowerengeka. Munali anthu oposa 1,500, ambiri mwa iwo asilikari akuda a mizinga a ku East Africa, ndipo pafupi-fupi 1,300 anatsikira kuli chete.

Mmodzi mwa anthu amene anaoloka bwino nyanja imeneyo anali atate ao a agogo anga akazi. Ine sindinawapeze amoyo, koma agogo, amene amakhala kufupi ndi Chia, amasimba nkhani zao madzulo pokonola mpunga. Akuti nkhalambayo inali mwana wa m'bwato, wopalasa chiyambire ubwana, kotero kuti anzao a kumtunda atayamba kusanza m'chombo iwo ankangoseka. Koma atatha masiku osaona mtunda, kuseka kunatha. Kuno kwathu, ngakhale mwera ukalipe chotani, munthu amadziwa kuti kuzambwe kuli gombe ndipo kum'mawa kuli mapiri a ku Mozambique. Kumeneko kunalibe phiri lakuti nkulozako. Usiku ankaletsedwa kuyatsa ngakhale ndudu, ndipo ankagona atabvala zoyandamitsa. Agogo amati, "Iwe mdzukulu wanga, atate ankanena kuti pakamveka kulira kwa ndege, anthu onse ankakhala chete, maso kumwamba. Ikayandikira ndi kupendekeka, nkuona kuti ndi vuwo woyera uja wokhala ndi diso m'nthiti, pamenepo ndiye munthu ankameza malobvu nkupitiriza kudya."

Vuwo woyera wokhala ndi diso m'nthiti! Mau amenewa anakhala m'mutu mwanga zaka zambiri ngati mwambi wopanda yankho. Yankho ndinalipeza chaka chatha m'buku lina lakale la m'laibulale mwathu, lothothoka chikuto, m'mene munali chithunzi cha ndege yoyera itakhala pamadzi, ndi chizindikiro chozungulira m'mbali mwache. Aphunzitsi athu a sayansi ataona kuti ndabwereka bukulo kachitatu anandiitana, nandithandiza kupeza miyeso ndi zithunzi zina pa kompyuta. Pamenepo ndinatsimikiza mtima kuti ndisema ndege yotere, kuti agogo akaone ndi maso chimene akhala akusimba ndi pakamwa.

Anthu opanga zifanizo za ndege amakonda muyeso wa 1 pa 72. Inchi imodzi pa chifanizo imaimira mainchi 72 pa ndege yeni-yeni, ndiwo mafiti 6, kotero kuti munthu wamtali amasanduka inchi imodzi chabe. Pa muyeso umenewu phiko la Catalina limakhala masentimita 44, ndipo thupi masentimita 27. Ana a maiko ena amangogula bokosi m'sitolo, monga la Airfix, m'mene muli ziwalo za pulasitiki pamodzi ndi kapepala ka zizindikiro zosindikiziratu. Amanyika kapepalako m'madzi, chizindikiro nkusendeka, iwo nkuchimata pa ndege, nchito yatha. Ine sitolo yanga inali dambo. Thupi ndi phiko ndinasema ndi chiwale chouma, mpeni wanga unali lezala, zochirikiza phiko ndi masipoko a njinga, ndipo maso a chule aja ndinadula ku botolo la pulasitiki. Utoto wotsalira m'zitini anandigawira bambo wina wopaka maboti kugombe, ndipo burashi ndinamanga ndi ubweya wa kumchira kwa mbuzi. Zonsezi mwana aliyense wa kumudzi angazithe. Pobvuta panali pa utoto, chifukwa mtundu uliwonse ndi mzere uliwonse unali ndi chifukwa chache, ndipo zifukwazo ndizo ndifuna kukuuzani.

Tiyambe ndi kuyera. Ambiri ondiona ndikupaka utoto woyera ankaseka, amvekere, "Ndege ya nkhondo iyera bwanji ngati ambulansi?" Angerezi eni ache poyamba ankaganiza chimodzi-modzi. Ndege zina zimene anazipatsa nchito yosaka sitima zinali zoponya mabomba usiku, zopakidwa kunsi utoto wakuda. Tsono sitima za pansi pa madzi za masiku amenewo zinkakhala nthawi yambiri pamwamba pa madzi, popeza injini zache zinkafuna mpweya, ndipo pa nsanja pache pankaima alonda oyang'ana kumwamba. Akangoona ndege ankamira msanga, ndege nkufika popanda kanthu. Kagulu ka akatswiri a masamu ndi sayansi, kotsogozedwa ndi Patrick Blackett, amene pambuyo pache analandira mphotho ya Nobel mu 1948, kanazindikira kuti kumwamba nkowala ngakhale tsiku la mitambo, ndipo chinthu chakuda chimaonekera kutali ngati khwangwala. Kotero mu 1941 kunatuluka lamulo lakuti ndege zosaka sitima zipakidwe zoyera kunsi ndi m'mbali, koma pamsana pokha potuwa ngati madzi, kuti adani ouluka pamwamba asazione msanga.

Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha, chifukwa nzeru imeneyi iri m'mbale mwathu masiku onse a nsomba. Tembenuzani chambo kapena usipa muone: msana ngwodera, mimba njoyera. Nkhwazi yoyang'ana kuchokera kumwamba imaona msana wofanana ndi madzi akuya, ndipo nsomba yolusa yochokera pansi imaona mimba yofanana ndi kuwala kwa kumwamba. Akatswiri a ku Mangalande anachita kuwerengera masamu kuti apeze chimene usipa wa ku Nkhotakota unabadwa nacho.

Tsopano za diso lija la m'nthiti. Pa nkhondo yoyamba, mu 1914, Angerezi ankajambula mbendera yao pa ndege, koma poonera kutali mtanda wa m'mbenderamo unkafanana ndi mtanda wa Majeremani, ndipo asilikari ao omwe ankaziombera. Pamenepo anabwereka kwa Afalansa chizindikiro cha mikombero, nasinthanitsa mitundu: chofiira pakati, choyera, kenaka chabuluu kunja. Chobvuta kwa wopanga chifanizo nchakuti chizindikirochi sichinakhale chimodzi-modzi zaka zonse. Pa muyeso wakale, dontho lofiira likakhala 1 m'mimba mwache, mkombero woyera unali 3, wabuluu 5, ndipo wachikasu, umene ankaonjezera m'mbali mwa ndege, unali 7. Koma mu 1942 anaona kuti choyera ndi chachikasu zikuwala mopitirira, nasintha muyeso kukhala 3, 4, 8 ndi 9, kotero kuti mikombero iwiriyo inatsala yopyapyala. Pamwamba pa phiko panalibe choyera konse, koma chofiira ndi chabuluu zokha, pa muyeso wa 2 ndi 5. Kunsi kwa phiko la ndege zoyerazi kawiri-kawiri sankapakako chizindikiro, kuopa kuononga kubisala kuja, ndipo nchifukwa chache atate a agogo ankadikira kuti ndege ipendekeke. Pa chipsepse pankakhala mizere itatu yoimirira, wofiira kutsogolo, woyera pakati, wabuluu kumbuyo.

Mukuona tsono kuti munthu wodziwa akangoyang'ana kunenepa kwa mkombero woyera angathe kukuuzani chaka, monga momwe agogo amadziwira msinkhu wa mbuzi poona mano. Koma taganizani za kuchepa kwache. Pa ndege zazikulu chizindikiro cha m'mbali chinkafika mainchi 54. Pa muyeso wa 1 pa 72 chimatsala mamilimita 19, chochepera ndalama yachitsulo, ndipo mkombero woyera ndi wachikasu uliwonse umakhala milimita imodzi yokha. Ndinkajambula mikombero ndi kampasi ya m'bokosi la masamu pa pepala lopyapyala, kupaka mtundu umodzi, kudikira masiku awiri kuti uume, kenaka wina. Nthawi yanga inali Loweruka masana pokha, anzanga ali ku mpira. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ine nkhonoyo ndinaidikira teremu yonse.

Dontho lofiira lija liri ndi mbiri yache-yache. Chizindikiro cha ndege za Ajapani chinali dontho lalikulu lofiira, ndipo pakati pa nkhondo munthu wogwira mfuti alibe nthawi yowerenga mikombero: akaona kufiira amaomba. Mu 1942 Amerika anachotsa dontho lofiira limene linali pakati pa nyenyezi yao. Chaka chomwecho Catalina ina ya ku Australia inaomberedwa ndi ndege ya Amerika, abwenzi okha-okha, chifukwa cha kufiira kwa pa phiko, ndipo a ku Australia anafafaniza chofiira pa ndege zao. Mu 1943 Angerezi a ku India, Ceylon ndi Burma anachitanso chomwecho, natsala ndi buluu wakuda kunja ndi buluu woyererako m'kati. Kotero msilikari wochoka ku Mombasa akanatha kuperekezedwa ndi ndege ya diso lofiira, nkukalandiridwa ku Colombo ndi ya diso labuluu, zonse ziri za mbali imodzi. Dontho limene pa chifanizo changa silikwana nkomwe njere ya chimanga linali nkhani ya moyo ndi imfa.

Chotsiriza ndi malemba. Ndege iriyonse inali ndi nambala yache ya kubadwa, kawiri-kawiri malemba awiri ndi manambala atatu, yolembedwa kufupi ndi mchira, ndipo siinkasintha kufikira ndegeyo itatha. Inalinso ndi malemba akulu osonyeza gulu ndi malo ache m'gulumo. Mwa chitsanzo, Catalina imene inapeza chombo chachikulu cha Majeremani, Bismarck, pa 26 May 1941, inali ya gulu 209 lomwe lija linadzabwera ku Mombasa, ndipo malemba ache anali WQ ndi Z. Pambuyo pache magulu ambiri anasiya malemba awiri a gulu kuti adani asadziwe kumene gulu lakuti liri, natsala ndi lemba limodzi. Apa mpamene chifanizo chimaleka kukhala choseweretsa. Ndisanalembe kanthu, chiwale changa chinali Catalina ina iriyonse mwa zoposa 3,000 zimene zinapangidwa. Nditalemba, chinasanduka ndege imodzi yokha, ya tsiku lache ndi anthu ache.

Ndinasankha lemba N ndi nambala FP313, ya gulu 265 la ku Madagascar, ndipo utoto ndinatsata malamulo a chaka cha 1943. Pa 20 August 1943 sitima ya Majeremani, U-197, inapezeka kumwera kwa Madagascar. Inayamba kuipeza ndi Catalina ya gulu 259, ya lemba C, imene inaiponyera mabomba onga migolo, ophulikira pansi pa madzi, niipweteka. Mabomba atatha siinachoke ai, koma inangozungulira-zungulira patali ndi kuitana anzache pa wailesi, monga amachitira mlenje wolasa njati. Patapita maola inafika N, nimaliza nchitoyo. Anthu onse 67 a m'sitimamo anafa, ndipo ambiri mwa iwo anali anyamata osaposa kweni-kweni akulu athu a Fomu 4. Nambala ya pa ndege yeni-yeni inali yotalika mainchi 8, ndiye kuti pa chifanizo siikwana mamilimita 3. Ndinailemba ndi nsonga ya singano, nditagwira mpweya, ndipo polemba ndinkaganiza za mbali zonse ziwiri: za amai 67 a ku Germany amene analandira uthenga wa maliro opanda mtembo, ndi za zombo zimene zinafika bwino pa doko chifukwa sitima imeneyo kunalibenso.

Ndisabise kuti m'nyumba yathu yogona munabuka mkangano. Mnzanga wa pa bedi loyandikana nane ankafuna kuti ndipake ndegeyi mitundu ya timu yache ya mpira, ndipo ameneyo sindinabvutike kumuyankha. Koma mkulu wina wa Fomu 4, wokonda mbiri yakale ndi wodziwa kulankhula, anandifunsa funso lolemera. Anati, "Mng'ono wanga, chizindikiro ukuchisamalira ngati dzirachi ncha atsamunda. Boma la eni chizindikirochi ndi lomwe linaombera anthu athu ku Nkhata Bay pa 3 March 1959, pa nyanja yomwe ino. Bwanji osapaka chakuda, chofiira ndi chobiriwira, mbendera yathu?" Anyamata ambiri anaombera m'manja, ndipo ine ndinagona usiku umenewo osayankha, chifukwa zimene ananena za ku Nkhata Bay nzoona, ndipo tsiku limenelo timalikumbukira chaka ndi chaka.

M'mawa mwache ndinawayankha motere. Ndinati, "Achimwene, mbendera yathu inakwezedwa pa 6 July 1964, nkhondo itatha zaka 19 zapitazo. Ndikaipaka pa ndege ya 1943 ndiye kuti ndanena bodza, ndipo bodza lokoma ndi bodza ndithu. Inu mukamalemba mayeso a mbiri simusintha dzina la Harry Johnston chifukwa chakuti simumukonda." Kujambula chizindikiro sikuchigwadira ai. Mkuyu uja wa pa boma, pamene David Livingstone anakumana ndi Jumbe, sitinaudule ngakhale umatikumbutsa za malonda a akapolo. Timausunga kuti ana adziwe chimene chinachitika pano. Ndipo chinanso ndi ichi: pansi pa diso limeneli panali anthu athu. Iwo sanasankhe nkhondoyo, sanasankhe mbendera, ndipo ambiri atabwerako anapeza kuti zimene ankayembekezera kulibe. Koma mantha ao m'chombo muja anali eni-eni, ndipo mpumulo umene ankaupeza poona vuwo woyera unali weni-weni. Ndikasintha chizindikiro, ndiye kuti ndafafaniza chinthu chokhacho chimene atate a agogo anachiona ndi kuchisimba. Mkuluyo sanabvomere zonse, ndipo mpaka lero timatsutsanabe pa mzere wa nsima, koma ndi iwo amene anandibwereka galasi lokuzira zinthu pamene ndinkalemba nambala.

Pa tchuthi chapitachi ndinanyamula ndegeyi m'katoni, nditaifunditsa malaya, mpaka kwa agogo. Anaitembenuza-tembenuza nthawi yaitali osalankhula, kenaka analoza m'nthiti ndi chala, nati, "Diso lija ndi ili." Sanafunse za injini kapena za phiko. Atatero anayamba kusimba zina zimene sindinazimvepo, ndipo china mwa izo chandikhalitsa pansi. Akuti atate ao, atakalamba mpaka kuiwala maina a adzukulu, nambala yao ya usilikari sanaiiwale, ndipo ankaitchula m'Chingerezi mosadodoma ngati ali pa perete. Naonso anali ndi chizindikiro chao, monga ndege. Koma taonani kusiyana kwache: nambala ya ndege ya ku Madagascar ine mwana wa ku Nkhotakota ndaipeza patapita zaka zoposa 80, pamodzi ndi tsiku ndi malo, pamene nambala ya munthu wa m'mudzi mwathu, amene magazi ache ali m'thupi mwanga, inalowa nao m'manda, chifukwa panalibe anaitola ndi pensulo.

Ili ndilo yankho langa kwa ofunsa aja. Ndinachedwa pa timadontho chifukwa timadontho ndito timanena kuti ndani, liti ndi kuti, ndipo popanda zitatuzi mbiri imasanduka nthano ya kalulu. Azungu anasunga mbiri ya makina ao mpaka kunenepa kwa mzere wa utoto, ndipo pamenepa tiyenera kuwatengera nzeru. Ife tiri ndi chipilala cha asilikari ku Zomba, ndipo mwezi wa November timaona akulu-akulu akuika nkhata za maluwa, koma m'midzi mwathu, ku Chia, ku Sani, ku Bua, ku Dwangwa, muli mabokosi achitsulo m'mene mwina mukali mendulo, chikalata chotulukira usilikari kapena chithunzi chodyeka ndi njenjete. Ana a asilikari amenewo ndiwo agogo athu, ndipo saali kubwerera ku ubwana.

Chifukwa chache ndikupempha anzanga nonse, anyamata ndi asungwana, kuti pa tchuthi chikudzachi tikakhale pansi ndi akulu, kope liri m'manja. Tikafunse dzina la msilikari, mudzi wache, gulu lache, nambala yache ngati iripo, doko limene anakwerera chombo ndi chaka chimene anabwerako. Tikalembe monga momwe atiuzira, osakometsera, pakuti mkombero wa milimita imodzi ukanenepa umasanduka wa chaka china. Aphunzitsi a mbiri abvomera kuti adzasunga zimene tidzabweretse m'kabati ya m'laibulale. Safunsa anadya phula.

Ofuna kuona ndegeyi apite ku chipinda cha sayansi Lachitatu masana, ndipo ofuna kuphunzira kugawa ndi 72 ndidzawathandiza mwaulere. Koma chonde, a Fomu 1, onani ndi maso okha. Timabwato ta ku nsonga za phiko ndinamata ndi ulimbo, ndipo sitipindika ngati ta ndege yeni-yeni.

Wophunzira wa Fomu 3